Amazimitsa Moto ndi Khasu

Galimoto yaikulu imene magulu ozimitsa moto a kumidzi ya m'chigawo cha New South Wales, m'dziko la Australia, amaidalira imanyamula madzi opitirira pang'ono malita 3,000. Tiyerekeze ndi madiramu aja a malita 200 amene timasungiramo madzi poumba njerwa: ndi madiramu 15 kapena 16 basi. Munthu akatsegula paipi yaikulu osaitseka, pa mphindi ngati 15 madzi atha psiti. Tsono moto umene anthuwa amakakumana nawo nthawi zina umakhala utatambalala makilomita ambirimbiri, ukuthamanga m'nkhalango ya mabulugamu imene yatha miyezi osalawa mvula. Madiramu 15 angachite chiyani pamenepo?

Masamu amenewa ndiwo anandichititsa kuyamba kuwalondola anthuwa mwachidwi. Pa kanema amationetsa munthu wa zovala zachikasu atakumbatira paipi, malawi atatalika kuposa mitengo, ndipo timaganiza kuti ntchito yonse ndi imeneyo. Paipi ili ndi malo ake ndithu. Imapulumutsa nyumba, imapulumutsa khola, imapha moto wa udzu ukadali waung'ono, ndipo zinthu zikathina imapulumutsa moyo wa woigwirayo. Koma moto waukulu wa m'nkhalango amaugonjetsa ndi zida zina zimene ojambula sazilabadira kawirikawiri: khasu, kanyali kodontha moto, ndi kumbuyo kwa dzanja.

Bungwe lawo limatchedwa Rural Fire Service. Mmene lilili lero linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1997, koma mizu yake ndi yakale, ndipo tauni yaing'ono ya Berrigan, kummwera kwa chigawochi, ndiyo imatchulidwa kuti alimi ake anayambitsa gulu loyamba cha mu 1896. Lero magulu otere alipo pafupifupi 2,000, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 70,000. Ndi alimi a nkhosa ndi ng'ombe, amakaniko, aphunzitsi, anamwino, madalaivala, amayi ndi abambo, achinyamata ndi opuma pantchito. Salandira malipiro. Likulu la gulu la kumudzi nthawi zambiri ndi shedi ya malata m'mbali mwa msewu, mogona galimoto imodzi kapena ziwiri, ndipo kaputeni wake amachita kusankhidwa ndi anzake pa msonkhano wa pachaka. Uthenga ukalira pa kachipangizo ka m'chiuno kapena pa foni, wometa nkhosa amasiya nkhosa, wa m'sitolo amakhoma chitseko, onse liwiro la kushedi kuja.

Makolo athu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Ife mwambiwu timaunena pamaliro, pokumbutsana kuti otsalafe nafenso tili panjira. Anthu a kushedi ya malata aja mwambi wathu saudziwa, koma luso lawo lonse laima pa tanthauzo lake lenileni, losaphiphiritsa. Moto umafuna zinthu zitatu: mpweya, kutentha ndi chakudya. Mpweya sungautsekereze m'nkhalango. Kutentha ungakuchepetse ndi madzi, koma taona kale kuchepa kwa madziwo. Chatsala ndi chakudya, ndiye kuti masamba ouma, timitengo, makungwa ndi udzu. Ukaulanda chakudya, moto umafika pamenepo n'kugona wokha.

Khasu lawo amalitcha rakehoe. Mpini wake ndi wautali, woongoka, wogwira munthu ali chiimire. Kumapeto kuli chitsulo chophwatalala, mbali imodzi yonola ngati khasu lathu, mbali inayo ya mano akuluakulu ngati reki. Analipanga ndi Malcolm McLeod, woyang'anira nkhalango wa ku California, mu 1905, ndipo mpaka lero likugwirabe ntchito. Ndi khasu limeneli amalambula kanjira kozungulira moto, kotambalala mita imodzi kapena kupitirira pang'ono, kopala mpaka dothi lenileni lioneke. Apa pali posiyana ndi kupalira kwa kumunda. Wopalira chimanga akasiya kaudzu kamodzi, mwini munda sadandaula. Pa kanjira ka moto, masamba ouma otsalira, muzu wowola wodutsa pansi, kapena chikuni chogona chopingasa, ndi mlatho umene moto udzaolokere usiku anthu atapita kukagona. Thukuta la tsiku lonse limatayika chifukwa cha malo osaposa chikhatho.

Kagwiridwe kake kamafanana ndi dima, koma dima lachilendo. Anthu amandandana, atatalikirana mamita angapo kuti asatemane. Wakutsogolo, amene ayenera kukhala ndi diso lakuthwa kuposa onse, ndiye amasankha modutsa kanjira, ndipo amasadza zitsamba ndi chikwanje kapena macheka. Aliyense womutsatira amapala kamodzi kapena kawiri n'kusuntha, osafuna kumaliza ndime yekha. Wapambuyo pake amaonjezera pamene mnzake wasiyira, mpaka womaliza amapeza kanjira katatsala pang'ono kutha, iye n'kumangosesa ndi kuyendera. Chotero gulu lonse limayenda osaima, ndipo palibe amene msana umamuthyokera msanga. Ngakhale kotayira zinyalala kuli ndi lamulo lake. Zosapsa amazikokera kunja, kutali ndi moto. Chilichonse chofuka utsi amachikankhira mkati, ku lupsa. Pamtsetse amakumba kangalande kuti makala ogubuduzika agweremo, asadumphe. Ndipo kanjira sakayambira paliponse. Amakalumikiza ku chinthu chosapsa, monga msewu, mtsinje, thanthwe kapena lupsa lozizira kale, kuti moto usawazembere kumbuyo.

Mtima wanga umakhalitsa pa mzere wa anthu opalawu, chifukwa aliyense wa ife amene anakulira kumudzi dzanja limeneli amalidziwa. Tinathamangapo ndi nthambi zaziwisi kukamenya moto wa osaka mbewa usanafike pankhokwe, ndipo tinalambulapo kuzungulira manda ndi kuzungulira mitolo ya udzu wofolera nyumba. Chimene anzathuwa anachita ndi kutenga nzeru yomweyo n'kuisula, kuiphunzitsa mwandondomeko kwa wobwera aliyense, ndi kuiyeserera mobwerezabwereza mpaka thupi lizolowere. Ali ndi timagulu tina timene timatsitsidwa ndi chingwe kuchokera mu helikopita, pakati pa mapiri osafika galimoto, pamene mphezi yayatsa mtengo. Kumeneko kulibe thanki. Kuli makasu, macheka, ndi anthu olimba miyendo.

Koma khasu lili ndi malire ake. Lawi likafika msinkhu wa munthu, kutentha kwake sikulola kuliyandikira, ndipo apa luso limachoka m'manja n'kupita m'maso. Iwo amati moto uli ndi mutu, nthiti ziwiri ndi mchira. Mutu ndi kumene mphepo ikuukankhira, ndipo wanzeru saima patsogolo pake. Amayambira kumchira, kumene malawi ndi aafupi, n'kumakwera m'nthiti, kuupanikiza pang'onopang'ono mpaka mutu uchepe. Poyenda choncho satalikirana ndi lupsa, pakuti pamene papsa kale ndi pothawira. Amadziwa kuti moto umakonda chitunda: malo akakwera ndi madigiri 10 liwiro lake limawirikiza kawiri, akakwera ndi 20 limawirikiza kanayi, chifukwa malawi amaweramira pa udzu wa kumtunda n'kuyamba kuuwamba asanaufike. N'chifukwa chake kaputeni wodziwa ntchito saimika anthu ake pamwamba pa khwawa moto uli m'munsi. Pa udzu wouma wa m'chigwa, mphepo ikakhala yamphamvu, moto umatha kuthamanga makilomita 25 pa ola. Munthu wa majombo ndi chisoti sangaupose.

Ngakhale tsikulo amaliyeza. M'zaka za m'ma 1960, wofufuza za nkhalango Alan McArthur anayatsa ndi kuyeza moto wambirimbiri woyesera, n'kupanga kachida kozungulira kogwira m'manja, kophatikiza kutentha kwa tsiku, chinyezi cha mumpweya, liwiro la mphepo ndi kuuma kwa nthaka kuti kanene kuopsa kwa tsikulo. Njira yowerengera inasinthidwa mu 2022, koma chizolowezi chinatsala: ali pantchito, wina amayeza mphepo ndi chinyezi pafupipafupi n'kuuza anzake, ndipo chinyezi chikamatsika aliyense amadziwa kuti masamba a pansi akusanduka onga.

Ndiye pali mtengo umene tonse timaudziwa. Bulugamu amene tinadzala m'malire a minda ndi kuseri kwa masukulu kwawo ndi ku Australia, ndipo kumeneko alipo wa mitundu mazanamazana. Masamba ake ali ndi mafuta. Aliyense amene anaponyapo nthambi yake pamoto anamva kuthetheka kwake. Koma chimene ozimitsa moto amayang'anitsitsa ndi khungwa. Mitundu ina ili ndi khungwa la ulusi, lonyanyuka ngati chingwe chakale, limene moto umakwera nalo mpaka kunsonga. Ina imafundula makungwa aataliatali olendewera, amene akayaka amathothoka, mphepo n'kuwanyamula akuyakabe. Pa 7 Febuluwale 2009, pa moto umene unapha anthu 173 m'chigawo cha Victoria, makungwa oyaka anakabutsa moto watsopano pa mtunda wopitirira makilomita 30 kutsogolo. Chotero wolambula kanjira akafika pa mtengo wa khungwa la ulusi amapala kuzungulira tsinde lake lonse, ndipo munthu wina amapatsidwa ntchito yoyang'ana kumbuyo, kumene sikunapse. Ameneyo amafulatira chinthu chimene maso onse akufuna kuona, n'kumasaka kautsi kakang'ono m'tchire losapsa. Pamafunika mtima wodziletsa kuti munthu aime choncho kwa maola.

Mdani wamkulu ndi kutembenuka kwa mphepo. Kummwera chakum'mawa kwa Australia, tsiku loipa limayamba ndi mphepo yotentha, youma, yochokera kumpoto chakumadzulo, kuchipululu cha pakati pa dziko. Imaukoka moto n'kukhala wautali ndi wopapatiza ngati lamba. Kenako, kawirikawiri nthawi ya madzulo, kumabwera mwadzidzidzi mphepo yozizira ya kummwera, ndipo nthiti yonse ya kum'mawa, yotalika makilomita ambiri, imasanduka mutu pa kamphindi. Amene anali pambali, akuyesa ali pabwino, amangozindikira ali kutsogolo. Pa 2 Disembala 1998, pafupi ndi Linton ku Victoria, anthu asanu odzipereka a gulu la Geelong West anafera m'galimoto yawo mwa njira imeneyi. Katswiri wa za moto Phil Cheney ndi anzake, atafufuza ngozi zotere, anaonetsa kuti m'mbali mwa moto muli dera limene lingapse m'mphindi zisanu zokha mphepo ikatembenuka, ndipo munthu wopezeka m'menemo alibe nthawi yothawira.

Maliro amenewa anasintha kagwiridwe ka ntchito. Lero nthawi imene mphepo ikuyembekezeka kutembenuka imalengezedwa pa wailesi kwa gulu lililonse, ndipo gululo liyenera kuyankha kuti lamva. Asanayambe amagwirizana kothawira, dalaivala amaimika galimoto itayang'ana kotulukira, ndipo madzi ena a m'thanki sakhudzidwa zivute zitani. Ndi osungira moyo. Amayeserera chochita moto ukawatsekereza: kuimika pamalo oyera, kutseka mawindo, kutsitsa makatani onyezimira obweza kutentha, kutsegula timipopi towaza madzi pamwamba pa galimoto, kudzipanikiza pansi atafunda mabulangete a ubweya wa nkhosa. Amabwereza zimenezi chaka ndi chaka, ngakhale amene atumikira zaka 30, chifukwa pa tsikulo mutu umaima. Manja okha ndiwo amakumbukira.

Tsopano kanyali kaja. Ndi chitini chachitsulo cha chogwirira, chokhala ndi kapaipi kopota ndi chingwe choyaka kunsonga. Mkati muli dizilo wosakaniza ndi petulo pang'ono. Ukachipendeketsa chimadontha moto. Moto ukakula moti sungayandikiridwe, amabwerera m'mbuyo, n'kusankha msewu kapena kanjira kolambula kamene kali patsogolo pake, n'kuyatsa moto wawo m'mphepete mwake kuti uziyenda chobwerera, kukachingamira waukulu uja. Waukuluwo pofika umapeza mnzake wadya kale zonse. Kunena n'kosavuta. Kuchita kwake ndiye pamene pagona luso lonse, chifukwa munthu akuyatsa dala chinthu chimene wabwera kudzazimitsa, pafupi ndi nyumba za anansi ake.

Wogwira nyali wabwino amaoneka pa kudekha kwake. Amadikira madzulo kapena usiku, mphepo itagona, chinyezi chitabwerera m'masamba. Amatola tsamba louma n'kulifinya kuti amve ngati likuthetheka kapena likungopindika, kenako amayatsa kamoto koyesera n'kuona mayendedwe ake. Amayambira pamwamba pa chitunda kuti moto uzitsika, popeza wotsika umayenda mwaulesi. Akafuna moto wofatsa amadontheza apa ndi apo motalikirana. Akadontheza mzere wosaduka amadziwa kuti malawi akwera msanga. Sayatsa mtunda woposa umene anthu a m'mbuyo mwake angathe kuulondera. Ndipo diso lake silichoka pa utsi. Woyera, wopepuka, wokwera choongoka, ndi wa moto womvera. Ukayamba kuda, kukhuthala ndi kuwerama, iye amazimitsa nyali n'kudikira.

Sikuti nthawi zonse zimayenda. Pa 14 Disembala 2019, moto woyatsa dala pafupi ndi Mount Wilson, m'mapiri a Blue Mountains, umene cholinga chake chinali kutsekereza moto waukulu wa Gospers Mountain, unawapulumuka mphepo itasintha, ndipo m'masiku otsatira unatentha nyumba za anthu m'midzi yoyandikana. Ndikuitchula nkhaniyi chifukwa ulemu wanga pa anthuwa suchokera poganiza kuti salakwa. Umachokera podziwa kuti nthawi zina njira zonse ziwiri zimakhala zowawa: ukayatsa ungathe kuotcha mudzi, ukapanda kuyatsa moto waukulu ungadzafike masana, mphepo ikuomba mwamphamvu, n'kuotcha midzi itatu. Lamulo loyatsa moto waukulu wotere limachokera kwa oyang'anira, koma nyali nthawi zambiri imagwiridwa ndi wa pamudzi, ndipo zikalakwika iye alibe kobisala. Mawa adzakumana ndi mwini nyumba yopsayo pogula buledi.

Komabe ntchito imene ndimaisirira koposa ndi yomaliza, imene ilibe oonerera. Malawi akagona, atolankhani akapita, gulu limabwerera ku lupsa kukapha moto wobisala. Amayenda m'mphepete monse, kulowa mkati mamita angapo, chitsa ndi chitsa, chikuni ndi chikuni. Chikuni chofuka amachigadabuza, amachiwaza ndi nkhwangwa, amapala makala, amathira madzi pang'ono, amasakaniza ndi dothi ngati akuponda matope omatira nyumba, n'kuthiranso. Apa ndi pamene madiramu 15 aja amakwanira maola ambiri, chifukwa wodziwa ntchito amatsegula paipi pang'ono chabe, ndipo ndowa imodzi yosakaniza bwino ndi khasu imaposa diramu lokhuthulira pamwamba. Kukhuthulira pamwamba kumangopanga nkhoko. Mkati moto uli moyo. Amadziwa kuti phulusa loyera mbee ndi lokayikitsa, kuti pansi pake pangakhale dzenje la muzu umene ukunyeka, lotha kumeza mwendo mpaka m'bondo. Muzu ungathe kunyeka mobisa kwa masabata, kudutsa pansi pa kanjira, n'kukatulukira kutsidya tsiku la mphepo. Ndiye pomaliza munthu amavula gulovu, n'kuyendetsa kumbuyo kwa dzanja pamwamba pa phulusa, pang'onopang'ono, asanalikhudze. Amagwiritsa kumbuyo chifukwa khungu la kumeneko limamva kutentha msanga, ndipo ngakhale litapsa, chikhatho chimatsala chotha kugwira mpini. Masiku ano ali ndi makamera oona kutentha, ndipo amathandiza zedi, koma dzanja silinachoke pantchito.

Ndi ntchito yakuda, yotopetsa, yotenga masiku ambiri kuposa kulimbana ndi malawi. Ndi yoopsanso, chifukwa mitengo imene moto waidya mkati imagwa mosachenjeza, ndipo anthu amayenda maso ali kumwamba, kuika chizindikiro pa mtengo uliwonse wokayikitsa. Munthu amene akuchita zimenezi mokhulupirika pa tsiku lachisanu, popanda womuona, popanda malipiro, ntchito ya pafamu pake itaima, ndiye mmisiri weniweni kwa ine. Akaigwira bwino, palibe chimene chimachitika, ndipo anansi ake sadziwa n'komwe kuti pa chitsa china panali moto umene ukanawadzutsa usiku.

N'chifukwa chiyani ntchito yotere ili m'manja mwa anthu a pamudzi? Yankho lina ndi la ndalama: dziko ndi lalikulu, anthu ndi otalikirana, ndipo palibe boma limene lingalipire ozimitsa moto pa mphambano iliyonse. Koma lina ndi la luso lenilenilo. Mlimi amene wakhala m'chigwa zaka 40 amadziwa geti limene lili ndi loko, mlatho umene sungapirire galimoto yodzaza madzi, damu limene siliphwa ngakhale chaka cha chilala, khwawa limene mphepo imazungulira dzuwa likapendeka, ndi nyumba imene muli agogo osayenda. Amakumbukira pamene moto wa zaka zapitazo unadumphira msewu. Eni malo amakhoma pageti kachikwangwani ka zilembo SWS, kusonyeza kuti pali damu, thanki kapena dziwe losambira limene galimoto ingatungepo. Alimi ambiri ali ndi kathanki ndi pampu zokweza pa galimoto ya pafamu, ndipo kawirikawiri iwo ndiwo amayamba kufika, moto ukadali wosaposa mphasa. Moto wambiri umafera pa msinkhu umenewo, ndipo dzina lake silimveka kunja kwa chigwacho.

M'miyezi yozizira amatentha dala zinyalala za pansi m'nkhalango kuti chilimwe chidzapeze chakudya chochepa. Pa ntchito imeneyi ena ayamba kukhala pansi ndi eni nthaka, Aaborijini, amene kwa zaka zikwizikwi ankatentha tchire ndi moto wofatsa, wa malawi aafupi, chigamba ndi chigamba, pa nyengo yoyenera mtundu uliwonse wa nkhalango, kotero kuti nyama zinkapeza mpata wothawa ndipo nsonga za mitengo sizinkapsa. Victor Steffensen, amene anaphunzira kwa akuluakulu awiri a ku Cape York, George Musgrave ndi Tommy George, wakhala akuphunzitsa nzeru imeneyi m'madera ambiri. Ife sitingadabwe nazo. Alangizi a zankhalango kwathu kuno akhala akunena za kutentha tchire msanga, mu Meyi ndi Juni udzu usanaumitsitse, kuti moto wa mu Okutobala usadzapeze podya, ndipo aliyense amene anadutsapo ku Chikangawa m'chilimwe n'kuona mapaini atada bii akudziwa mmene moto wa mochedwa umapwetekera.

Chilimwe cha 2019 mpaka 2020 chinayesa luso lonseli mpaka kulipitirira. Chilala chinali chitaumitsa ngakhale makwawa amene kale ankaimitsa moto. Ku New South Wales kokha kunapsa mahekitala 5.5 miliyoni, kuposa theka la nthaka yonse ya Malawi tikachotsapo nyanja. Nyumba zoposa 2,400 zinasanduka phulusa ndipo anthu 26 anafa. Moto wa Gospers Mountain, umene unayamba ndi mphezi pa 26 Okutobala 2019, unadya mahekitala oposa 500,000. Moto wina unakula mpaka kupanga mitambo yakeyake ya mabingu, yoponya mphezi zoyatsa moto wina kutali. Pa 19 Disembala, Geoffrey Keaton ndi Andrew O'Dwyer a gulu la Horsley Park, onse awiri abambo a ana aang'ono, anafa usiku pafupi ndi Buxton, mtengo utagwa n'kugubuduza galimoto yawo. Pa 30 Disembala, Samuel McPaul wa zaka 28 anafa pafupi ndi Jingellic pamene kamvulumvulu wobadwa m'moto ananyamula galimoto ya matani angapo n'kuigadabuza; mkazi wake anali woyembekezera. Mkulu wa bungweli pa nthawiyo, Shane Fitzsimmons, amene ankaima pamaso pa dziko tsiku ndi tsiku kulengeza nkhani zimenezi, anayamba ngati wodzipereka ali mnyamata, ndipo bambo ake anafera pamoto mu 2000, pa ntchito yotentha tchire dala kumpoto kwa Sydney.

Ena anatha masabata ndi miyezi osaponda kuntchito kwawo, akugwira maola 12 ndi kupitirira, ena akutchinjiriza nyumba za eni pamene zawo zinali kupsa. Zinafika poti boma linalengeza kuti odzipereka amene ndalama zawo zaima chifukwa chotumikira masiku opitirira 10 angathe kulandira mpaka madola 6,000 a dzikolo. Panabuka mtsutso umene sunathe mpaka lero: kodi ntchito imene nyengo yake ikunka nitalika ingapitirire kusenzedwa ndi anthu osalipidwa, pamene achinyamata akuchoka m'midzi ndipo otsala akukalamba? Funsoli ndi loona, ndipo kuombera m'manja kokha sikungaliyankhe. Wowayamikira moona ayenera kufunanso kuti anthuwa akhale ndi magalimoto otetezeka, zotchinga utsi zabwino, mabwana owamasula nthawi ikakwana, ndi wina wowamvetsera pamene zimene anaona zikuwasowetsa tulo.

Mvula yamphamvu inagwa kumayambiriro kwa Febuluwale 2020, ndipo pa 13 Febuluwale bungweli linalengeza kuti moto wonse m'chigawochi wazingidwa. Wozingidwa sikuti wazima. Panali zitsa zofukabe ndi mizu yonyekabe, ndipo zinatenga masabata ena awiri ndi theka. Pa 2 Malichi 2020 ndi pamene ananena kuti mu New South Wales monse mulibe moto wa m'tchire ngakhale umodzi, koyamba patapita masiku oposa 240.